Fakitale Idapsa, Malipiro Sadaime

Miyezi ya Juni ndi Julayi ikafika, pamene chiperoni chakuta mapiri ndipo ana akupita ku sukulu manja ali m'khwapa, ambiri a ife timathamangira ku kaunjika kukafunafuna majekete ofewa aja, opepuka, amene sachedwa kuuma ukawachapa. Ukawakhudza umayesa ubweya wa nkhosa, chonsecho ndi ulusi wa poliyesita wopalidwa mwaluso. Nsalu ya mtundu umenewu idayamba kupangidwa cha m'ma 1980 pa fakitale yotchedwa Malden Mills, mu mzinda wa Lawrence, chigawo cha Massachusetts, ku America. Lero mafakitale ambiri, makamaka a ku Asia, amapanga nsalu yofanana nayo, kotero kuti jekete imene mwana wanu wavala mwina sidachokere kumeneko konse. Komabe ndifuna kuti tikambeko za mwini wa fakitale yoyambayo, Bambo Aaron Feuerstein, pakuti mbiri yawo ikhudza funso limene ndakhala nalo zaka zonse zimene ndadya za m'khasu la eni: kodi n'chiyani chimachititsa munthu wolembedwa ntchito kuika mtima wake pa ntchito imene phindu lake likalowa m'thumba la wina?

Mzinda wa Lawrence udamangidwa m'zaka za m'ma 1840 m'mbali mwa mtsinje wa Merrimack, ndipo udamangidwira nsalu. Anthu osauka ochokera ku Ireland, Italy, Poland, Canada ndi maiko ena adakhamukira kumeneko kukaima pa makina oombera nsalu kuyambira m'bandakucha mpaka mdima. Pakati pa iwo ndi mabwana awo padalibe chikondi. M'chaka cha 1912 boma la chigawocho lidachepetsa maola a ntchito a amayi ndi ana kuchoka pa 56 kufika pa 54 pa sabata, ndipo eni mafakitale adabwezera mwa kudula malipiro. Anthu oposa 20,000 adanyanyala ntchito kwa miyezi iwiri, m'nyengo ya chisanu choopsa, mpaka mabwana adagonja. Itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, eni mafakitale adapeza njira ina yosavuta: adatseka zitseko nasamukira ku zigawo za kum'mwera kwa America, kumene anthu adali kulola malipiro ochepa, ndipo pambuyo pake adaolokera kunja kwa dziko. Lawrence adatsala ndi zinyumba zikuluzikulu za njerwa zopanda kanthu m'kati.

Banja la a Feuerstein lidayenda mosemphana ndi anzawo. Agogo awo, a Henry Feuerstein, Myuda wochokera ku Hungary, ndiwo adayambitsa kampaniyo m'chaka cha 1906 m'tauni ya Malden, ndipo m'zaka za m'ma 1950, anzawo akuthawa, iwo adasamutsira makina awo ku Lawrence komweko. Sidali njira yosalala. M'chaka cha 1981 kampaniyo idagwa m'ngongole mpaka kukapempha chitetezo ku khoti, ndipo chidaidzutsa ndi nsalu yatsopano ija, imene pambuyo pake idadziwika ndi dzina lakuti Polartec. Pofika 1995 kampaniyo idali ndi antchito pafupifupi 3,000, ambiri mwa iwo obwera kumene m'dzikomo, osadziwa bwino Chingerezi, amene sakadapeza ntchito ina ya malipiro otero m'dera lonselo.

Madzulo a pa 11 Disembala 1995, a Feuerstein adali pa phwando lokondwerera kuti akwanitsa zaka 70. Usiku womwewo kudamveka kuphulika m'fakitale, ndipo moto, mothandizidwa ndi mphepo yamkuntho, udanyeketsa nyumba zitatu zikuluzikulu. Anthu oposa 30 adavulala, ena adapsa kwambiri, koma palibe adafa. Kudatsala masabata awiri kuti Khirisimasi ifike.

Tsono taganizani, owerenga okondedwa, za munthu wa zaka 70 ataima pa phulusa lotere. Inshulansi idali yoti imulipira madola pafupifupi 300 miliyoni. Palibe lamulo lidamkakamiza kumanganso. Akadatha kulandira ndalamazo, kutsazika bwino, n'kukapuma kumene kuli dzuwa. Akadathanso kumanga fakitale yatsopano ku dziko la malipiro otsika, ndipo anzake a malonda akadamuyamikira kuti ndi wanzeru. Antchito nawo adadziwa zimenezi, pakuti adaona makolo awo akusiyidwa chomwecho. Patapita masiku atatu adasonkhana m'holo ya sukulu ina ya sekondale kuti amve chigamulo chawo. A Feuerstein adaima pamaso pawo nawauza kuti fakitale imangidwanso pamalo pomwepo, ndi kuti munthu aliyense alandira malipiro ake onse kwa mwezi wathunthu ngakhale kulibe makina oti aimepo. Mweziwo utatha adaonjezera nthawiyo. Inshulansi ya chipatala ya mabanja awo idapitirira, ndipo ngakhale bonasi ya Khirisimasi idaperekedwa. Zonsezi zidadya madola pafupifupi 25 miliyoni. Oona adasimba kuti amuna akuluakulu adalira m'holomo.

Mbiri idawanda msanga. Mu Januwale 1996 Pulezidenti Bill Clinton adawaitana kuti akakhale pakati pa alendo olemekezeka pa tsiku limene iye adalankhula ku nyumba ya malamulo ya dzikolo. Koma chimene chimandigwira mtima ine si ulemu wa ku Washington ayi. Nyumba imodzi, momwe adali kumalizira nsalu ya Polartec, idapulumuka ku moto. Antchito adaikonza usana ndi usiku, ndipo pasanapite masabata ambiri makina adayambanso kulira. Malinga ndi kunena kwa a Feuerstein eni ake, nsalu yotuluka m'nyumba imeneyo idachuluka kuposa momwe idalili moto usanachitike. Anthu ake adali omwewo, manja ake omwewo, makina ake omwewo, mwinanso operewera. Akale adati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Koma kawirikawiri timayesa kuti mwambiwu ukunena za anthu ofanana msinkhu, osati bwana ndi womunyamulira mabelo.

Zimenezi ndimazimvetsa chifukwa ndidazionako ndi maso, ngakhale pa muyeso waung'ono. Kwa zaka zambiri ndidali kalaliki m'nyumba yosungiramo katundu ya kampani ina yopikulitsa, ndipo ntchito yanga idali kulemba m'buku chilichonse cholowa ndi chotuluka: shuga, mchere, sopo, mafuta ophikira, malata. Kalaliki amakhala pakati ngati chikwa cha nkhuku pakati pa nyumba ndi tchire. Amamva za mu ofesi, amamvanso za pa lole. Mabwana adadutsa ambiri, koma awiri sindiwaiwala.

Woyamba adali bambo wansangala, wodziwa kulankhula. Atangofika adakhomera kabokosi pakhoma kuti aliyense aziponyamo maganizo ake. Pa Khirisimasi adatigulira mabanzi ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi, natiuza kuti pakampanipo tonse ndife banja limodzi. Tidaomba m'manja, ndipo ena adaomba ndi mtima wonse. Miyezi ingapo itapita, mlonda wathu wachikulire adataya mdzukulu amene adali kumlera, napita kumudzi kukaika maliro. Adakhalako masiku anayi, pakuti mlatho udali utakokoloka. Atabwera adaitanidwa mu ofesi, chipewa chili m'manja.

“Madala, pepala la ku chipatala lili kuti?”

“Bwana, mwanayo adatsirizikira kunyumba, usiku. Ku chipatala sitidafikeko.”

“Ndiye ine ndidziwa bwanji kuti kudalidi maliro?”

Masiku anayi aja adadulidwa pa malipiro. Mwina malamulo a kampani adali kumbali ya bwanayo, sindikutsutsa. Koma nkhaniyo idayenda m'nyumba yonse dzuwa lisanapendeke, ndipo kuyambira tsiku limenelo mau akuti banja adasanduka nthabwala ya pa lole. Palibe adanyanyala, palibe adatukwana. Anthu adangoyamba kugwira ntchito mofika pa mzere, osapyola ngakhale chala chimodzi. Ndidaona amuna a nzeru zawo akudutsa pa mulu wa matumba a mchere amene denga lidali kudonthera, osasuntha ngakhale limodzi, poti palibe adawatuma. Dalaivala amamva kuti injini ikulira mwachilendo, koma amangoti idzaoneka ikadzafa. M'kabokosi kaja mudamanga akangaude. Zotayika zonsezo zimadutsa m'buku langa, ndipo ndikhoza kuchitira umboni kuti zidaposa kutalitali malipiro a masiku anayi a mlonda. Bwanayo mpaka adachoka akudandaula kuti anthu a kuno ndi aulesi.

Wachiwiri adali mayi wosaseka wamba. Poyamba tidamuopa, ndipo ena adang'ung'udza poti sadazolowere kulamulidwa ndi munthu wamayi. Sadatiuzepo kuti ndife banja, mabanzi sadatigulirepo. Sabata yoyamba adaitha akuyendayenda m'nyumbamo ndi kafunso kake kamodzi: chimene chimakuvutani pa ntchito yanu n'chiyani? Mnyamata wina wonyamula katundu, amene sadafike ngakhale Sitandade 5, adalimba mtima nati sopo asamasanjidwe pafupi ndi shuga, chifukwa ogula amabweza shugayo kuti akununkha. Mawa lake sopo adasamutsidwa, ndipo mayiwo adanena pamaso pa onse kuti nzeruyo idachokera kwa yani. Kanthu kakang'ono ndithu. Koma mnyamata uja adayamba kuyenda ngati nyumbayo ndi ya atate ake, ndipo tsoka kwa iye woponya thumba mosasamala iye akuona.

Mkazi wa dalaivala wina atamwalira, mayi aja adatulutsa lole kuti inyamule bokosi, nalemba m'buku la mafuta ndi dzanja lawo kuti likulu likafunsa lidzafunse iwo. Kumaliroko adavala chitenje nakhala pa mphasa pamodzi ndi amayi anzawo mpaka manda atatha. Musayese kuti adali ofewa. Kapitawo wina amene adagwidwa akutulutsa malata usiku adachotsedwa ntchito sabata yomweyo, ngakhale adali wokondedwa ndi ambiri, ndipo palibe adati mayiwo alakwa, pakuti adamumva kaye mbali yake asanagamule. Chaka china malonda atavuta, likulu lidalamula kuti anthu ena achepetsedwe. Mayiwo sadakhomere mndandanda pa bolodi n'kutsekera chitseko, monga ambiri amachitira. Adaitana aliyense wokhudzidwa payekha, namuuza zoona zake, namuwerengera ndalama zonse zomuyenera, ndipo ndikudziwa, poti makalatawo ndidatayipa ndine, kuti adalimbana ndi likulu miyezi iwiri kuti ndalamazo zituluke zonse. Anthu adachoka akulira, koma sadachoke akutemberera. Ndipo usiku wina mvula ya mphepo itasasula mbali ya denga, amuna asanu okhala pafupi adadzuka okha m'nyumba zawo, popanda wowaitana, nakafunditsa katundu malona mpaka kucha.

Ndaganizira kwambiri za kusiyana kwa anthu awiriwa. Onse adafuna kuti tizigwira ntchito molimbika. Woyambayo mwina adawerengapo m'mabuku kuti antchito okondwa amapindulitsa, ndipo adafuna kugula chikondwerero chathu pa mtengo wotsika. Vuto lake ndi lakuti wantchito ali ndi mphuno yakuthwa kuposa momwe mabwana amaganizira. Amayang'ana bwana wake maola asanu ndi atatu pa tsiku, chaka ndi chaka. Amadziwa kayendedwe kake, amadziwa tanthauzo la kutsokomola kwake. Mau okoma samuyesa kanthu kufikira ataona chimene bwanayo achita pa tsiku limene chifundo chifuna kumudyera ndalama kapena kumuyambanitsa ndi akuluakulu ake. Tsiku limenelo ndilo mayeso, ndipo zotsatira zake zimalengezedwa pa lole ndi pa mpopi, osati mu ofesi. Anthu a ku Malden Mills sadayambe kukhulupirira a Feuerstein m'holo muja. Adali atawaona kale zaka makumi ambiri akukana kusamuka pamene anzawo onse adasamuka. Moto udangoonetsa poyera chimene chidalipo.

Masiku ano nkhaniyi ili ndi akatswiri ake, ndipo imayezedwa ndi manambala. Bungwe lofufuza la ku America lotchedwa Gallup limafunsa antchito m'maiko ambiri chaka ndi chaka, ndipo lidapeza kuti m'chaka cha 2024 anthu 21 okha pa 100 alionse ndiwo adali oikadi mtima pa ntchito yawo. Chaka cha 2023 adali 23. Otsalawo ndi aja odutsa pa matumba a mchere. Bungwe lomweli limanenanso kuti kusiyana kwa gulu lina la antchito ndi linzake pa nkhaniyi, magawo pafupifupi 70 pa 100 kumachokera kwa mtsogoleri amene ali nawo pafupi, osati mwini kampani wokhala kutali. Ine sindidadabwe nazo. Mlonda wathu uja akadawauza zomwezo popanda kulipiritsa. Chimene ndimaopa ndi chakuti manambala oterewa amabala mabwana ambiri a mtundu woyamba uja: amamva kuti kusamala anthu kumabweretsa phindu, tsono amaphunzira maonekedwe a kusamala monga munthu aphunzirira kumanga tayi.

Ndikadakonda kuti nkhani ya a Feuerstein ithere pamene makina adayambanso kulira, koma sidathere pamenepo, ndipo kungakhale kunamiza achinyamata athu kuibisa mbali yotsalayo. Fakitale yatsopano idatsegulidwa m'chaka cha 1997, yamakono ndi yokongola. Kuti imangidwe padalowa ndalama zonse za inshulansi, ndipo padafunikanso ngongole ya madola pafupifupi 100 miliyoni. Pa nthawi imene ankamanga, ena mwa ogula awo adazolowera kugula kwina, ndipo sadabwerere. Nsalu ija a Feuerstein sadaitetezere ku boma kuti ikhale yawo yokha, choncho aliyense adali womasuka kupanga yofanana nayo, ndipo mafakitale a ku Asia adaigulitsa motchipa kwambiri. Mu Novembala 2001 kampaniyo idalephera kubweza ngongole, nikapemphanso chitetezo ku khoti. Idatulukamo m'chaka cha 2003 ili m'manja mwa okongoza ndalama. A Feuerstein adayesetsa kusonkhanitsa ndalama zoti aiwombole, koma zidakanika, ndipo pofika 2004 pa mpando wawo padali munthu wina. Kampani imene agogo awo adayambitsa idawapulumuka ali ndi zaka pafupifupi 80.

Apa anthu amagawanika. Ena amati nkhaniyi ikutsimikiza kuti malonda ndi chifundo siziyendera limodzi. Ine sindivomereza msanga, chifukwa manambala sakutero. Madola 25 miliyoni a malipiro aja ndi kachigawo kakang'ono poyerekeza ndi 400 miliyoni ya chimango. Chidamiza bwato si kulipira anthu miyezi ingapo, koma kukula kwa nyumba imene adamanga, pa nthawi imene msika udali kutembenuka. Koma pamenepa ndiyeneranso kuwamvera otsutsawo, pakuti ali ndi mfundo. Mtima womwewo umene udalipira anthu ndiwo udafuna kumanga chachikulu choti onse abwereremo. Akadamanga chocheperapo, ena akadatsala panja nthawi yomweyo, koma mwina otsalawo akadakhalitsa. Mtsogoleri wokonda anthu ake samasulidwa ku udindo wa kuwerengera. Kunena zoona udindowo umamkulira, chifukwa iye akalakwitsa masamu, ogona ndi njala ndi anthu omwe amawakondawo. Kuweruza zinthu zitachitika kale n'kosavuta, ndipo ine amene sindidayendetsepo ngakhale chigayo ndiyenera kulankhula motsitsa mau. Komabe sindifuna kuti mnyamata wowerenga nkhaniyi aganize kuti mtima wabwino umalowa m'malo mwa buku la ndalama.

Sindifunanso kuti aganize kuti ubwino ndi mtundu wina wa katapila, woti ukaikamo lero udzatapa zochuluka mawa. Nthawi zina zimatero, monga umo amuna asanu aja adadzukira usiku. Nthawi zina sizitero. A Feuerstein atafunsidwa pa wailesi ya kanema, kampani ili kale m'mavuto, ngati akadachitanso zomwezo atadziwa mathero ake, adayankha kuti inde, popeza chidali choyenera kuchita. Iwo adali Myuda wopemphera, wosunga Sabata, amene adaphunzira pa Yeshiva University ku New York, ndipo pofotokoza chifukwa chake amatchula kawirikawiri malamulo a Mose onena za wolembedwa ntchito. Owerenga athu akudziwa ndime ya m'buku la Deuteronomo, mutu 24, yoletsa kupondereza waganyu wosauka, kaya ndi mbale kaya ndi mlendo, ndi yolamula kuti alandire zake dzuwa lisanalowe. Chifukwa chimene lamulolo lipereka si chakuti waganyuyo adzalimbikira mawa, koma chakuti ndi wosauka ndipo mtima wake uli pa ndalamayo.

Atolankhani a ku America adawapatsa dzina lochokera m'Chiyidishi, chilankhulo cha Ayuda a ku Ulaya: adawatcha mensch. Mau amenewa tanthauzo lake lenileni ndi munthu, basi. Koma Ayuda akati uje ndi mensch satanthauza kuti ali ndi miyendo iwiri, atanthauza chimodzimodzi chimene agogo athu amatanthauza akati, “Mwana uja ndi munthu,” kapena akapukusa mutu nati, “Ameneyo si munthu.” Ndidasangalala nditazindikira kuti mitundu iwiri yotalikirana chotere idagwirizana pa kutcha khalidwe lapamwamba koposa ndi dzina wamba koposa. Tsono n'chifukwa chiyani ife, amene mau akuti umunthu sachoka pakamwa pathu, timauvula pa chipata cha kampani ngati nsapato zamatope? Ndaonapo akulu olemekezeka, oyamba kufika pa maliro a m'mudzi, amene Lolemba m'mawa sayankha moni wa mesenjala. Mwina tidatengera kwa akapitawo a nthawi ya thangata, amene adaphunzira kuti ukulu ndi kukalipa. Koma thangata adatha kalekale, ndipo sitingapitirize kumunamizira.

Pali phunziro lina lowawa m'nkhani ya ku Lawrence limene antchito ayenera kulisunga. Ubwino wa bwana mmodzi umatha tsiku limene iye watuluka pa chipata. Okongoza ndalama amene adatenga kampaniyo sadalonjeze kanthu m'holo muja, ndipo sadali ndi agogo oti awachitire manyazi. N'chifukwa chake malamulo ndi mabungwe a apantchito ali ofunika ngakhale pamene bwana ali wabwino. Antchito a ku Malden Mills nawo adali ndi bungwe lawo, ndipo a Feuerstein adakambirana nalo monga mwa nthawi zonse. Kwathu kuno tili ndi lamulo la za ubale wa pantchito la 1996 ndi lamulo la za ntchito la 2000, ndipo wachinyamata aliyense wolowa ntchito achita bwino kudziwa zimene malamulowa amupatsa pa nkhani ya tchuthi, matenda ndi kuchotsedwa ntchito. Lamulo ndilo mpanda. Koma lamulo silingatume bwana kukakhala pa mphasa ya maliro, monganso silingadzutse munthu pakati pa usiku kuti akafunditse shuga wa eni.

Makolo anzanga, mwina mukuti zonsezi ndi za eni mafakitale, ife tilibe. Koma ambiri a ife ndife mabwana osadzidziwa. Pali mtsikana amene amadzuka tonse tili m'tulo kuti asonkhe moto. Pali mnyamata woweta ng'ombe. Pali amayi amene amabwera kudzapalira m'munda mwathu mwezi wa Januwale, nkhokwe zawo zitauma, mwana ali kumsana. Mayi wotere akamaliza ndime yake n'kuuzidwa kuti abwere Lachisanu poti bambo sadasiye ndalama, ana athu amakhala ali pakhonde akumva. Amaonanso mbale imene mtsikana uja amadyera, ndi malo amene amagona, ndi dzina limene timamuitanira. Sukulu ya utsogoleri ya mwana imayambira pamenepo, zaka zambiri asanaone khomo la koleji. Ndipo inu achinyamata amene mawa mudzapatsidwa makiyi a ofesi, kapena gulu la anthu khumi pa esiteti, mudzapeza pakati pawo anthu a msinkhu wa atate anu, odziwa ntchitoyo kuposa inu, amene adzakutchani bwana chifukwa cha pepala lanu. Masabata oyamba adzakhala chete, akukuyezani. Adzadikira tsiku la mlonda ndi masiku ake anayi.

Ku Lawrence zinthu zidapitirira motere. M'chaka cha 2007 kampaniyo idagwanso, nigulidwa ndi eni atsopano amene adasiya dzina lakale lija naitcha Polartec. Makina adapitirizabe kulira m'fakitale imene a Feuerstein adamanga, ngakhale antchito adali kucheperachepera. Mu Disembala 2015, patatha zaka 20 chichitikire moto uja, eni akewo adalengeza kuti atseka fakitale ya ku Lawrence ndi kusamutsira ntchito yambiri ku Tennessee, kum'mwera, njira yomwe ija anzawo adadzera kalekale. Mwana amene adabadwa sabata ya motoyo adali atatsiriza sekondale pamene atate ake adalandira kalata yomaliza. A Feuerstein adaziona zonsezi ali moyo, ali kunja kwa mpanda. Adamwalira pa 4 Novembala 2021, ali ndi zaka 95.